Kalata kwa Nambewe, Asanayambe Kuyendetsa Boeing 737

Wokondedwa mwana wanga Nambewe,

Uthenga wako woti wakhoza mayeso omaliza, ndiponso kuti mwezi wamawa uyamba kukhala pampando wakumanja, wa wachiwiri kwa kaputeni, mu Boeing 737, unatipeza tili bwino, ndipo mayi ako akhala akuuza aliyense wofika pakhomo pano. Ine ndinakondwa mwakachetechete monga umandidziwira, koma usiku umenewo sindinaone tulo, chifukwa maganizo anga anabwerera ku nkhani imene ndakhala ndikuisunga mumtima kuyambira tsiku limene unatiuza kuti ukufuna kuphunzira kuyendetsa ndege. Pa foni sindikanatha kuifotokoza mwadongosolo, choncho ndasankha kulemba, kuti uiwerenge uli wekha, modekha, ndipo udzaibwerezenso patapita zaka, ntchitoyi utaizolowera.

Ndikudziwa kuti zambiri zimene ndilembe pano aphunzitsi ako anakuuza kale, ndipo zina unaziyankha pamayeso. Koma iwo anakuuza ngati oyendetsa ndege, pomwe ine ndikukuuza ngati makaniko amene kwa zaka zambiri ankachezera usiku wonse pansi pa mapiko, n'kusaina m'buku m'bandakucha kuti zonse zili bwino, kenaka n'kupita kukagona, ndegeyo n'kuisiya m'manja mwa anthu ngati iwe.

Pa 14 Ogasiti 2005, ndege ya kampani ya Helios Airways, ya mtundu wa Boeing 737-300, inanyamuka pa bwalo la Larnaca ku Cyprus nthawi ya 9:07 m'mawa, paulendo wa ku Prague wodzera ku Athens. Munali anthu 121: apaulendo 115, mwa iwo ana 22, ndi ogwira ntchito 6. Patatha pafupifupi maola atatu, ndegeyo inagwa m'mapiri a kufupi ndi mudzi wa Grammatiko, kumpoto chakum'mawa kwa Athens, ndipo sipanapezeke wopulumuka ndi mmodzi yemwe. Injini zake zinalibe vuto, mapiko ake anali athunthu, ndipo panalibe munthu wachiwembu m'ndegemo. Chimene chinatengera anthuwo kumanda chinayambira pa kaswichi kamodzi, kamene kali pamwamba pa mpando womwe iwe uzikhalapo.

Ndilole ndiyambe ndi mmene ife amakaniko timaonera nkhani ya mpweya m'ndege. Kumwamba kumene ndege zonyamula anthu zimauluka mpweya ulipo, ndipo gawo la okosijeni mumpweyawo ndi lomwe lija la pansi pano, magawo 21 pa 100 alionse. Chimene chimachepa ndi mphamvu yowukankhira m'mapapo mpaka kulowa m'magazi. Pa mafiti 18,000 mphamvuyo imatsala theka la imene imapezeka m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pa mafiti 34,000 imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake ndege imapopedwa mpweya mkati. Mpweyawo umatengedwa mu injini uli wotentha kwambiri, umaziziritsidwa, n'kumalowetsedwa m'chipinda cha apaulendo mosalekeza, ndipo chakumbuyo kwa ndege kuli kachitseko kotulutsira mpweya, kamene timakatcha outflow valve, komwe kamatseguka kapena kutsekeka pang'onopang'ono kuti mkati muzitsala mpweya wokwanira. Anyamata amene ndinkawaphunzitsa ntchito ndinkawauza kuti aganize za ndowa yobooka imene yatcheredwa pa mpopi wotsegula: madzi salekeza kulowa, koma kuchuluka kwa madzi otsala m'ndowamo kumadalira kukula kwa bowo. Swichi ija ikakhala pa AUTO, kompyuta ndiyo imayang'anira bowolo, ndipo munthu amene ali mkati amapuma ngati ali pa phiri losapitirira mafiti 8,000, monga pamwamba pa Nyika, ngakhale ndegeyo ili pa mafiti 35,000. Swichi ikakhala pa MAN, kompyuta imachotsapo dzanja lake, ndipo bowolo limakhala mmene linasiyidwira mpaka munthu alisunthe yekha.

Ndege ya Helios ija inafika ku Larnaca usiku womwewo kuchokera ku London, ndipo amene anabwera nayo analemba m'buku kuti chitseko chakumbuyo, cha mbali ya kumanja, chinkamveka phokoso lachilendo ndiponso kuti labala wa m'mphepete mwake anaundana ndi kuzizira. Amakaniko anachiyang'ana, ndipo pofuna kutsimikiza kuti sichikutaya mpweya, anaipopa ndegeyo ili pansi. Pa ntchito yotere swichi imatembenuzidwira pa MAN. Malinga ndi lipoti la ofufuza a ku Greece, limene linatuluka mu Okutobala 2006, ntchitoyo itatha swichi sinabwezeredwe pa AUTO, ndipo kachitseko kotulutsira mpweya kanatsala kotseguka pang'ono.

Pamenepa sindingaloze chala amakaniko anzangawo ngati kuti ine ndine woyera, chifukwa zoterezi zinandichitikirapo. Usiku wina, iwe uli wakhanda, ndinazula circuit breaker imodzi, kabatani kodulira magetsi, kuti ndigwire ntchito mosaopa magetsi, ndipo ndili pafupi kumaliza ndinaitanidwa kuti ndikathandize pa ndege ina imene inali itachedwa. Nditabwerako ndinatseka zonse, ndinawerenga zipangizo zanga n'kupeza kuti zakwanira, ndinasaina m'buku, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. M'mawa mwake mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene kukhala pampando wakumanja anapeza breaker ija ikadali yozula, ndipo sanangoibwezera mwakachetechete, koma anapempha kuti ndiitanidwe ndidzafotokoze chifukwa chake inazulidwa, ndege isananyamuke. Ndinachita manyazi, ndipo kwa masiku angapo ndinamusungira mkwiyo, poganiza kuti mwana wadzulodzulo wandiyalutsa pamaso pa anzanga. Panapita nthawi kuti ndivomereze kuti iye anachita ndendende ntchito imene anamuikira pampandopo. Usiku umenewo sindinali waulesi, sindinalawe mowa, ndipo ntchito ndinkaidziwa. Ndinangodukizidwa pakati, mutu wanga n'kulemba kuti chinthu chachitika pomwe sichinachitike. Choncho siginecha ya makaniko uziilemekeza, koma isamalowe m'malo mwa maso ako. Ukaona m'buku kuti usiku wathawo panagwiridwa ntchito, dzifunse kuti ntchito ya mtundu umenewo imafuna kusuntha maswichi ati, ndipo amenewo uwayang'ane kawiri.

Swichi ya pa Helios inali poonekera, pa bolodi la pamwamba pa mitu ya oyendetsa, mbali ya wachiwiri kwa kaputeni, ndipo ikakhala pa MAN pamayaka kanyali kobiriwira. Ofufuza anapeza kuti oyendetsa awiriwo anali ndi mipata itatu yoionera: pokonzekera ulendo, pa checklist (mndandanda wa zoyenera kutsimikiza) ya injini zisanalizidwe, ndi pa checklist ya ndege itangonyamuka. Katatu konseko inawadutsa. Anthu osadziwa ntchitoyi akamva zimenezi amafulumira kunena kuti kunali kusasamala, koma ine ndimaonapo chinthu choopsa kuposa kusasamala, chomwe ndi chizolowezi. Onse awiri anali akuluakulu opitirira zaka 50, amene anali atayendetsa ndege kwa maola masauzande ambiri, ndipo swichi imeneyo ankaipeza pa AUTO pafupifupi tsiku lililonse la ntchito yawo. Diso limene lapeza chinthu chili pamalo pake kambirimbiri limayamba kuona chimene likuyembekezera, ndipo pakamwa pamayamba kuyankha mawu a checklist mmene timayankhira moni wa m'mawa, kunena kuti tadzuka bwino tisanadzifunse n'komwe ngati tadzukadi bwino. Panopa, pamene chilichonse n'chachilendo kwa iwe ndipo mtima umagunda ukamawerenga mzere uliwonse, msampha umenewu uli nawe kutali. Chimene ndikuopa ndi chaka chako chachisanu kapena chakhumi, pamene udzakhala ukutha kunena checklist yonse pamtima, uli paulendo wachinayi wa tsikulo, ndege itachedwa, kaputeni akuyang'ana wotchi. Chizolowezi chimene chidzakupulumutse pa tsiku limenelo uyenera kuchibzala lero: uziloza swichi ndi chala, uziwerenga mawu amene yalozapo, kenaka ndiye uyankhe.

Patangotha mphindi zisanu ndege itanyamuka, ikudutsa mafiti 12,000, hutala yochenjeza inayamba kulira m'chipinda cha oyendetsa, kusonyeza kuti mpweya wa mkati wapepuka kufika pa mlingo wa mafiti 10,000, kutanthauza kuti aliyense m'ndegemo ankapuma ngati waima pamwamba pa Sapitwa, ulendo wokwera uli mkati. Timati chakudza sichiimba ng'oma, koma tsiku limenelo chinaimba, ndipo oimbiridwawo anaimva bwinobwino, kungoti anaiyesa ng'oma ya gule wina. Pa 737 hutala imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Ndege ili pansi, imachenjeza kuti mafulapu, mabuleki kapena zina sizinaikidwe moyenera kuti inyamuke. Ndege ili m'mwamba, imachenjeza za mpweya wa mkati. Kaliridwe kake n'kofanana, ndipo tanthauzo loyambalo ndi limene oyendetsa amakumana nalo kawirikawiri, pomwe lachiwirilo ambiri amafika popuma pantchito asanalimvepo kunja kwa simulator, makina ophunzirira kuyendetsa ndege munthu ali pansi. Choncho makutu awo anathamangira ku tanthauzo lozolowereka, ngakhale kuti chenjezo la kanyamukidwe silinapangidwe kuti lizilira ndege ili m'mwamba. Posakhalitsa kunayaka nyali zina zosonyeza kuti mpweya woziziritsa makina a magetsi sukuyenda mokwanira, chifukwa mpweyawo unali utapepuka, ndipo pa mafiti pafupifupi 18,000 mamasiki a apaulendo anagwa okha, nyali yake n'kuyakanso. Zonsezi zinali zizindikiro za nthenda imodzi, koma oyendetsawo anayamba kulondola chizindikiro chimodzi chokha, cha kuziziritsa makina, ndege ikupitiriza kukwera.

Apa ndi pamene ndikufuna uchedwepo kwambiri powerenga, mwana wanga. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, ndipo mwambiwu umayenera kwambiri kuchepa kwa okosijeni m'magazi. Munthu akamamira m'madzi kapena akatsamwa, thupi limalimbana ndi mphamvu zake zonse, chifukwa mpweya woipa umene unayenera kutuluka ukuunjikana m'magazi, ndipo kuunjikana kumeneko ndi kumene kumadzutsa mantha. Kumwamba mpweya woipawo umatuluka bwinobwino, choncho thupi silikuwa. Munthu amangomva kufunda, kapena dzanzi m'zala, kapena kupepuka kwa mutu. Milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu, maso amayamba kuona pang'ono ngati akusuzumira pa kabowo, ndipo ena amadzazidwa ndi chisangalalo chopanda chifukwa. Choopsa koposa n'chakuti chiwalo choyamba kufooka ndi chomwecho chimene chinayenera kuzindikira kuti zinthu zavuta. Unaonapo munthu woledzera akulumbira kuti sanaledzere, akulimbirana makiyi a galimoto. Iye sakunama, akunena zimene mutu wake ukumuuza. Ndi mmenenso amakhalira woyendetsa ndege amene okosijeni wamuchepera. Amakakamira pa kantchito kamodzi, amabwereza funso lomwelomwelo, ndipo amakhala wotsimikiza kuti akuganiza bwino. Mabuku anu amapereka nthawi imene munthu amakhala akadali ndi nzeru zothandiza: mphindi 20 mpaka 30 pa mafiti 18,000, mphindi 3 mpaka 5 pa mafiti 25,000, ndi masekondi 30 mpaka 60 okha pa mafiti 35,000. Manambala amenewa usawaone ngati lonjezo, chifukwa kutopa, kusuta fodya ndiponso kuimirira n'kumayendayenda kumawafupikitsa. Kutaya mpweya kwadzidzidzi, kumene kumabwera ndi chiphokoso, nkhungu ndi kupweteka kwa makutu, n'kwabwinoko pa chinthu chimodzi, chakuti sikubisika. Kumene kunachitika pa Helios kunali kwapang'onopang'ono, kokwera limodzi ndi ndege, ndipo mphindi iliyonse imene oyendetsa ankaganizira vutolo inkawachotsera nzeru zoliganizira.

Umboni wake uli m'kukambirana komaliza kwa pa wayilesi. Kaputeni anaitana ofesi ya kampani yake ku Larnaca, n'kunena za chenjezo la kanyamukidwe ndi za kuziziritsa makina, ndipo anamulumikiza ndi injiniya amene anagwira ntchito pa ndegeyo usiku. Injiniyayo anafunsa funso loyenera, lakuti kaputeni atsimikize ngati swichi ya mpweya ili pa AUTO. Yankho la ngozi yonseyo linalowa m'makutu mwa kaputeni, ndipo kukweza maso n'kutembenuza swichi kukanatenga masekondi ochepa chabe. Koma iye sanayankhe funsolo. Anafunsa kumene kuli ma circuit breaker a makina oziziritsa, ndipo anauzidwa kuti ali kumbuyo kwa mpando wake. Amenewo anali mawu omaliza kumveka kuchokera kwa oyendetsawo, patatha pafupifupi mphindi 13 chinyamukire, ndiponso mphindi 8 zokha chiyambire hutala kulira. Nthawi iliyonse ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene ankalankhula pa wayilesiyo sanalinso kaputeni wa zaka zambiri uja, ngakhale mawu anali ake. Autopilot, kompyuta yoyendetsa ndege yokha, inakweza ndege mpaka mafiti 34,000 monga inauzidwira, n'kuiwongolera ku Athens.

Choncho langizo langa lalikulu ndi ili: hutala imeneyo ikadzalira uli m'mwamba, usadzayambe ndi kuganiza. Vala masiki yako, tsegula okosijeni yense, tsimikiza kuti iwe ndi mnzako mukumvana, ndipo pokhapo ndi pamene mungayambe kufunsana kuti chavuta n'chiyani. Usadzanene mumtima kuti ndione kaye geji, kapena ndiitane kaye amakaniko, kapena mwina alamuyi ikunama, chifukwa mutu umene ukukuuza zimenezo ukhoza kukhala utayamba kale kudwala. Ngati alamu inali yabodza, wataya masekondi ochepa ndi okosijeni pang'ono, ndipo ife amakaniko tidzadzazanso botolo mosadandaula. N'chifukwa chake masitepe oyambawo anakuuzani kuti muwaloweze pamtima: anaganiziridwa kale ndi anthu amene anali pansi, magazi awo ali ndi okosijeni wokwanira, kuti iwe usadzafunike kuwaganizira pa nthawi imene sungathe. Mpweya ukakanika kubwerera, tsikani msanga kufika pa mafiti 10,000, kapena pa mlingo wotsikitsitsa umene mapiri akulola ngati uli wokwera kuposa pamenepo. Mawu omalizawa usawapeputse ukamadzauluka kuno kwathu, popeza Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, kungoperewera pang'ono pa mafiti 10,000 omwewo, choncho uyenera kudziwa chimene chili pansi pako vuto lisanabwere.

Kumbuyo, apaulendo anavala mamasiki awo, koma okosijeni wa mamasiki amenewo amakhala pafupifupi mphindi 12 zokha, popeza anapangidwira kuti asunge anthu pamene ndege ikutsika. Ndegeyo sinatsike. Itafika kufupi ndi Athens inayamba kuzungulirazungulira yokha kwa nthawi yoposa ola limodzi, oyang'anira kayendedwe ka ndege akuiitana popanda yankho, mpaka boma la Greece linatumiza ndege ziwiri zankhondo za F-16. Asilikaliwo ataifika nthawi ya 11:24, anaona mamasiki akulendewera m'chipinda cha apaulendo, mpando wa kaputeni uli wopanda munthu, ndipo wachiwiri wake atawerama osagwedezeka. Nthawi ya 11:49 anaona munthu akulowa m'chipinda cha oyendetsa n'kukhala pampando wa kaputeni. Anali Andreas Prodromou, mnyamata wosamalira apaulendo, amene anakhalabe ndi moyo ndi nzeru chifukwa cha mabotolo a okosijeni onyamula m'manja. Anali ndi laisensi yoyendetsera ndege, koma anali asanaphunzire 737. Atangokhala pansi injini yakumanzere inazima chifukwa mafuta anali atatha, ndipo patapita mphindi pafupifupi khumi yakumanja inazimanso. Makina ojambula mawu anasunga mawu ake ofooka akuitana Mayday, mfuu yopempha thandizo pangozi, koma palibe anawamva, ndipo nthawi itangodutsa pang'ono 12 koloko masana ndegeyo inagwa.

Mnyamata ameneyu ndimamukumbukira ndi ulemu, ndipo nkhani yake ili ndi phunziro lokhudza anzako a kumbuyo. Iwo anaona mamasiki akugwa pamene oyendetsa anali akadali ndi nzeru, ndipo anamva kuti ndege ikukwerabe, koma chitseko cha chipinda cha oyendetsa chinali chokhoma, monga zakhalira kuyambira zigawenga zitalanda ndege ku America mu 2001. Ofufuza analangiza kuti mamasiki akagwa ndipo ndege siikusiya kukwera kapena kuyamba kutsika, wamkulu wa osamalira apaulendo azidziwitsa oyendetsa nthawi yomweyo. Langizo lolembedwa limagwira ntchito pokhapokha munthu ali womasuka kuligwiritsa ntchito. Choncho pokambirana ulendo usanayambe, uziwauza ndi pakamwa pako kuti akaona chachilendo aimbe, ndipo akaimba pa nkhani imene ikuoneka yaing'ono, uziwathokoza. Amene wakalipiridwa lero chifukwa choimba pa chinthu chaching'ono, mawa adzazengereza pa chinthu chachikulu.

Izi zikundifikitsa pa nkhani imene ikundivuta kuilemba, chifukwa ikukhudza mmene ine ndi mayi ako tinakulerera. Tinakuphunzitsa kusayankha akuluakulu, kusawadula mawu, ndiponso kusawaonetsa kulakwa kwawo pagulu, ndipo sindikunong'oneza bondo, chifukwa khalidwe lako latipatsa ulemu kulikonse kumene wapita. Koma kaputeni amene uzikhala naye akhoza kukhala wa msinkhu wanga, wa mbiri yabwino, wosakonda kufunsidwa, ndipo iwe ndiwe mtsikana amene wangoyamba kumene. Lipoti la Helios linatchula kusagwirira ntchito pamodzi mokwanira kwa oyendetsa ngati chimodzi mwa zifukwa zobisika za ngoziyo. Anthu amaikidwa awiri kutsogoloko kuti chimene chadutsa mmodzi chigwidwe ndi mnzake, ndipo wachiwiri amene amangovomereza wasandutsa anthu awiri kukhala mmodzi. Ine bambo ako ndikukumasula pa nkhani imeneyi. Ukaona swichi ili polakwika, nena momveka, mopanda kuzungulira. Kaputeni akayamba kulankhula zosagwirizana hutala ikulira, usadikire chilolezo chake kuti uvale masiki yako. Vala, kenaka umuuze avale yake, ndipo ngati sakumva, ndege uitenge ndiwe. Ukatero sunamunyoze, ndipo munthu wanzeru adzafika pokuthokoza, monga ine ndinafika pomuthokoza mnyamata wa breaker uja.

Sindikufuna kuti uganize kuti mlandu wonse unagwera anthu awiri amene sangathenso kudziyankhira. Lipoti lomwelo linadzudzula kampaniyo chifukwa cha kufooka kwa dongosolo lake la chitetezo, linadzudzula bungwe la boma loyang'anira za ndege ku Cyprus chifukwa chosaiyang'anira mokwanira, ndiponso linanena kuti zimene opanga ndegeyo anachita pambuyo pa mavuto ofanana a m'mbuyomo sizinali zokwanira. Kampaniyo inasintha dzina n'kutseka mu 2006, ndipo mu 2011 bungwe la FAA loyang'anira za ndege ku America linalamula kuti ma 737 akalewo aikidwe nyali ziwiri zosiyanitsa chenjezo la kanyamukidwe ndi la mpweya. Zosintha zimenezi n'zabwino, koma sizinachotse munthu pampando. Ngoziyi isanachitike, mu Okutobala 1999, ndege yaing'ono ya Learjet 35 imene inanyamula katswiri wa gofu Payne Stewart kuchokera ku Orlando inataya mpweya, oyendetsa sanalandire okosijeni m'nthawi yake, ndipo inauluka yokha pafupifupi maola anayi mpaka kukagwa ku South Dakota, n'kupha anthu onse 6. Ndipo patapita zaka 13 chichitikire ngozi ya Helios, mu Seputembala 2018, 737 ya Jet Airways inanyamuka ku Mumbai kupita ku Jaipur maswichi olowetsa mpweya asanaikidwe moyenera. Mamasiki anagwa, apaulendo pafupifupi 30 anatuluka magazi m'mphuno kapena m'makutu, ndipo ndege inabwerera ku Mumbai popanda womwalira. Ndikuganiza kuti oyendetsa amenewo anali ataphunzira za Helios monga iwe waphunzirira.

Ndikupempha zinthu ziwiri zimene ungachite msanga. Masiki ya pampando wako uziiyesa ndi dzanja lako pa ndege iliyonse imene walandira, kumvetsera mpweya ukutuluka ndi kuona geji ya botolo, ngakhale amene watsikamo akuuze kuti anayesa kale. Ndipo ukapeza mpata mu simulator, uziyeserera kuivala utavala mahedifoni ndi magalasi a dzuwa, mpaka manja azichita okha. Chachiwiri, kuli maphunziro amene munthu amalowetsedwa m'chipinda chochepetsedwa mpweya, madokotala akumuyang'anira, kuti adziwe mmene thupi lake limachitira okosijeni akayamba kuchepa, popeza zizindikiro zimasiyana munthu ndi munthu koma kwa munthu mmodzi zimakonda kubwera zomwezomwezo. Ufufuze kumene amachititsa maphunziro amenewo kufupi ndi kumene uli, ndipo ngati kampani yako silipira, undiuze mtengo wake, ndidzalipira ine.

Mayi ako akupereka moni, ndipo akufunsa kuti uwatumizire chithunzi utavala yunifolomu. Ukalandira ndondomeko ya maulendo a mwezi woyamba utidziwitse tsiku limene udzatere ku Chileka, kuti tidzabwere kudzaona ndege yako ikutera.

Ndine bambo ako okukonda.